Giza yanga ikugunda ngati muli miyala m'kati, ndiyambire pati?

MayiWaAtatu analemba:

Moni nonse. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi nkhani ya giza. Mundipirire, ndilemba motalika, chifukwa ndaona kuti ukafunsa mwachidule anthu amakubwezera mafunso khumi.

Gizayo ndi yamagetsi, ya malita 150, yogona chammbali m'siling'i pamwamba pa bafa. Tinaipeza momwemo pamene tinkalowa m'nyumba muno zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo amene ankakhalamo anati anali atangoiika kumene. Ndiye tinene kuti ili ndi zaka 7. Zaka zonsezi palibe amene anaitsegulapo. Kunena zoona, sindinkadziwa n'komwe kuti giza imasamalidwa. Ndinkaiyesa ngati khoma, lomwe ukamanga basi waiwalako.

Ikayamba kutenthetsa madzi, makamaka m'bandakucha kuli zii, imamveka gu! gu! kenako thethethe, ngati wina akugubuduza miyala m'ndowa yachitsulo. Poyamba ndinkati ndi makoswe, mpaka ndinakatchera msampha m'siling'imo. Msamphawo unakhala sabata ziwiri osagwira ngakhale mphemvu. Mwana wanga wamng'ono chipinda chake n'choyandikana ndi bafa, ndipo pano akukana kugona yekha.

Chachiwiri, madzi otentha sakukwaniranso. Kale tinkasamba anthu anayi motsatizana, wachisanu n'kuwapezabe ofunda. Pano wachitatu amatuluka mano akugundana. Komanso kasefa ka pakamwa pa mpopi wa kusinki kakumatsekeka ndi tinthu toyera, touma, tonga makoko a mazira opondedwa. Ndimakatsuka, pakapita sabata kadzadzanso.

Chachitatu mwina sichikukhudzana ndi zinazi, koma ndingochinena. Kunja pakhoma pali kapaipi kochokera ku giza komwe kankadontha tsiku ndi tsiku mpaka khoma linamera ndere. Chaka chatha munthu wina amene anadzakonza thanki ya kuchimbudzi anati tikutaya madzi pachabe, ndiye anakatseka ndi kachitsekero kachitsulo. Kudontha kunaleka, ife n'kumuthokoza.

Abambo a kunyumba akuti tingogula ina. Ine mtima sukundilola kutaya chinthu chomwe chikutenthetsabe madzi. Kodi ndingathe kuitsuka ndekha? Sipanala ndimaigwira, mipopi yonse ya m'nyumba muno malabala ake ndimasintha ndine. Chomwe ndimaopa ndi magetsi basi.

PulambalaWopuma anayankha:

Mayi, phokosolo lisiyeni kaye. Chomwe chandidzutsa pampando ndi chachitatucho, chomwe inu mwachiika kumapeto ngati chongodzazira. Lero lomwe, musanamalize n'komwe kuwerenga zanga zonsezi, thimitsani breaker ya giza (switchi yake ya m'bokosi la magetsi), mutsegule mpopi wa madzi otentha kwa kanthawi kuti mphamvu ya madzi opanikizika m'thanki itsike, kenako mupite panja mukachotse kachitsekero kaja. Pochotsa muime pambali, nkhope isayang'anizane ndi kukamwa kwa paipi.

Chifukwa chake ndi ichi. Madzi akatentha amafufuma. Kuchokera pozizira kufika madigiri 60 amawonjezeka ndi pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse. Pa malita 150 anuwo ndiye kuti pali malita awiri ndi theka omwe asowa pokhala, ndipo madzi si mpweya woti n'kuufinya. Ndiye pa mapaipi a giza pamakhala valavu yomwe ntchito yake ndi kutaya malita amenewo pang'onopang'ono nthawi imene elementi, chitsulo chotenthetsa madzi m'thanki, ikuyaka. Kudontha munkakuona kuja inali giza ikupuma. Kudontha kodetsa nkhawa ndi komwe sikuleka usana ndi usiku, ngakhale giza itazizira. Pamenepo valavu yatha, ndipo umagula ina. Sutseka paipi.

Palinso valavu yachiwiri, yomangirira pa thanki penipeni, yokhala ndi kandodo kolowa m'madzi. Imeneyo imatseguka madzi akayandikira kuwira, kapena mphamvu ikapitirira nambala yolembedwa pa iyo. Ndiye mlonda womaliza. Pa ntchito yolongosoka, valavu iliyonse imakhala ndi paipi yakeyake yotulukira kunja. Koma ndaonapo nyumba zambiri zomwe wina anazilumikiza n'kukhala paipi imodzi pofuna kupulumutsa mamita awiri a mkuwa. Ngati kwanu zili choncho, mwakhala chaka chathunthu mukugona pansi pa thanki yopanda potulukira. Thermostat, kachipangizo kothimitsa elementi madzi akatentha mokwanira, ikangokanirira osathimitsa, kachitetezo kake n'kulepheranso, madzi a m'thanki yotsekeka amadutsa madigiri 100 osawira, chifukwa apanikizika. Chitsulo chikang'ambika, mbali ina ya madziwo imasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo lita imodzi ya madzi imatulutsa nthunzi ya malita pafupifupi 1,700. Denga limapita. Sizichitika kawirikawiri, koma sindingakuuzeni kuti dikirani Loweruka.

Tsopano phokoso. Timakoko toyera mukutipeza pa kasefato ndi laimu. Madzi ambiri, makamaka ochokera pansi pa nthaka, amakhala ndi laimu wosungunuka amene maso saona. Madzi akatentha laimuyo amauma n'kumatirira pa elementi, monga zimachitira pansi pa ketulo. Akakhuthala amasweka, makoko n'kumagwera pansi pa thanki, chaka ndi chaka mulu n'kumakula. Madontho a madzi omwe atsekeredwa m'ming'alu ya laimu, pafupi ndi elementi yotentha, amawira n'kuphulika. Miyala mukuimvayo ndi imeneyo.

Kutsuka mungathe, si ntchito ya anthu ophunzira. Koma ndikuuzeni momwe ine ndinkachitira.

Ndinkathimitsa magetsi madzulo, a m'nyumbamo n'kusamba mpaka madzi otentha atatha, ntchito n'kudzaigwira m'mawa. Malita 150 a madzi otentha m'siling'i, iwe uli chogwada pamwamba pa matabwa, si masewera. M'mawa mumatseka valavu ya madzi ozizira olowa mu giza, n'kulowetsa hosipaipi pa kampopi kokhuthulira, kamene pa giza zambiri zogona kamakhala pomwe madzi ozizira amalowera. Mbali inayo ya hosipaipi ikatulukire panja, pamalo potsika kuposa giza. Kenako tsegulani mpopi umodzi wa madzi otentha m'nyumba kuti mpweya ulowe, apo ayi madzi azingotuluka donthodontho ngati mukukhuthula botolo lozondotsa. Akatha, tsegulani madzi ozizira kwa masekondi khumi, mutseke, muwasiye atuluke. Bwerezani kangapo. Madzi olowa mwamphamvuwo amavundula zapansi.

Ambiri amalekera pamenepo n'kumati atsuka. Pa giza ya zaka 7 yosatsegulidwapo, kampopi kaja katulutsa matope okha, makoko akuluakulu sangadutse. Muyenera kumasula chimbale chomwe chimanyamula elementi ndi thermostat, n'kulowetsa dzanja. Gulani labala yatsopano ya chimbalecho musanayambe. Yakaleyo ikatuluka sibwereranso bwino, yauma, ndipo mukaibwezera mudzamva kudontha pa siling'i pakati pa usiku. Elementi yomwe yangokutidwa ndi laimu mungaiviike mu viniga usiku umodzi, laimu amasungunuka. Koma ngati yatupa, yang'ambika kapena yachita mawanga akuda, musavutike nayo.

Chinthu china chomwe ndikufuna muchione mukatsegula ndi anode. Thanki yanuyo ndi yachitsulo, m'kati anaikuta ndi galasi lopyapyala kuti isachite dzimbiri. Galasilo silikhala langwiro, limakhala ndi timing'alu, makamaka mowotcherera. Ndiye opanga amaikamo ndodo ya magnesium kapena aluminiyamu, yomwe ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa thanki. Madzi amayamba adya ndodoyo, chitsulo n'kupulumuka. Ndodo ikatha, amatembenukira thanki, ndipo thanki ikabooka sikonzeka. Amene anandiphunzitsa ntchito ankakonda kutiuza kuti nzeru imeneyi si ya dzulo: Humphry Davy anaiyesa mu 1824 pa zombo zankhondo za ku Britain, kumamata zidutswa za zinc ndi chitsulo kuti mkuwa wa pansi pa chombo usadyeke ndi madzi amchere. Ife tinkangoseka, tinkafuna ataweruka. Koma ndinaona ndekha pambuyo pake kuti nyumba zomwe ndinkasinthako anode pa zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, giza zake zinkakalamba nazo, pamene zinzake zogulidwa chaka chomwecho zinali zitatayidwa kale.

Anode yanuyo ndikukayika ngati yatsalako. Mukapeza kawaya kokhakokha, musadabwe.

Musanagule kalikonse, yang'anani thireyi ya pansi pa giza ndi thupi la gizayo. Ngati madzi adzimbiri akutuluka m'thupi mwenimwenimo, osati polumikizira mapaipi, ndiye kuti abambo a kwanu akunena zoona, gulani ina. Ngati ndi pouma, ili ndi moyo.

WaMagetsi230 anayankha:

Madala anena zonse, ine ndingowonjezerapo za mbali yomwe mayi akuti amaiopa. Kuopako n'kwabwino.

Kuthimitsa breaker sikokwanira. Ndapezapo mabokosi omwe palembedwa kuti giza koma waya wake ndi wa sitovu. Mukatsegula kachivundikiro ka pa elementi, yezani ndi multimeter (choyezera magetsi) kapena tesita musanakhudze kanthu, ndipo tesitayo muyambe mwaiyesa pa soketi yomwe mukudziwa kuti ili ndi moto. Matani tepi pa breaker, muwauze onse m'nyumba kuti asaikhudze. Jambulani mawaya ndi foni musanawamasule. Ngati mulibe choyezera, mbali imeneyi yokha muitanireni wamagetsi, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Elementi mungaiyeze mawaya atachotsedwa. Ya 3 kW pa mavoti 230 imaonetsa ma ohm pafupifupi 17 kapena 18, ya 2 kW cha m'ma 26. Ikapanda kuonetsa kanthu, yaduka m'kati. Muyezenso pakati pa mwendo wa elementi ndi chitsulo cha thanki: pamenepo pasamadutse kanthu.

Pomaliza ntchito, dzadzani thanki mpopi wa madzi otentha uli chitsegulire, mpaka usiye kutsokomola mpweya, madzi azituluka mosadukiza. Kenako ndiye muyatse. Elementi ikayaka pouma imapsa mphindi isanathe. Anthu ambiri amawotcha elementi yatsopano tsiku lomwe aiika chifukwa chopupuluma.

Za madzi osakwanirawo, ine sindikuganiza kuti ndi laimu yekha. Laimu angadye malo a malita asanu kapena khumi, sangadye theka la thanki. Tengani choyezera kutentha cha kukhitchini, giza ikamaliza kutenthetsa muyeze madzi a pampopi woyandikira. Mutiuze nambala.

Chikondi_wa_Bajeti anayankha:

Ine ndinamva kuti laimu amachuluka chifukwa chotenthetsa kwambiri. Yanga ndinaitsitsa kufika 45 ndipo bilu ya magetsi inatsikako. Madzi a 45 amasambika bwinobwino, suchita kuthira ozizira. Bwanji osangotero achemwali, phokoso lichepe?

Ndifunseko nanenso pomwepa: ndikachoka pakhomo sabata zingapo, pobwera madzi otentha amanunkha ngati mazira owola. Ozizira sanunkha. N'chiyani?

NamwinoWaUsiku anayankha:

Achimwene, za laimu mukunena zoona, madzi akatentha kwambiri amauma wambiri. Koma 45 ayi, chonde ikwezeni.

Pali tizilombo totchedwa Legionella tomwe timaswana m'madzi ofunda ongokhala, pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo timakonda kubisala m'matope ndi m'laimu wa pansi pa thanki. Munthu amatitenga popuma timadontho ting'onoting'ono ta madzi, monga nthunzi ya mu shawa, n'kudwala chibayo choopsa. Dzinalo linachokera pa zomwe zinachitika mu 1976, pamene anthu ambiri anadwala atachokera ku msonkhano wa American Legion ku Philadelphia. Okalamba, osuta fodya ndi omwe chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka ndi amene amavutika kwambiri. N'chifukwa chake malangizo a zaumoyo amati madzi osungidwa m'thanki azikhala pa madigiri 60.

Vuto lake, ndipo ili ndimaliona ndi maso kuntchito, madzi a 60 amawotcha khungu m'masekondi owerengeka, la mwana msanga kuposa la wamkulu. Mayi mwati muli ndi wamng'ono. Pali valavu yosakaniza yomwe imaikidwa potulukira giza kapena pafupi ndi bafa: m'thanki mumakhala 60, koma kumpopi kumafika ocheperako. Ngati mulibe, m'bafa la mwana muziyamba kuthira ozizira, otentha pambuyo, n'kuyesa ndi chigongono.

PulambalaWopuma anayankha:

A Namwino alasa. Ndipo a Chikondi, kutsitsako kukukudyerani madzi osadziwa. Tinene kuti ozizira ali pa 20, ndipo munthu amasamba a 40. Malita 150 a pa 60 mukawasakaniza ndi ozizira mumapeza malita 300 osamba. A pa 45 mumapeza osafika 190. Mukafuna kupulumutsa magetsi, kutani mapaipi otentha ndi zotchingira kutentha, ikani mutu wa shawa wosataya madzi ambiri, konzani mpopi wodontha. Kutenthetsa malita 150 kuchokera pa 20 kufika 60 kumadya pafupifupi 7 kWh, elementi ya 3 kW imayaka maola awiri ndi mphindi makumi awiri. Ndalama zambiri zimapita ndi madzi omwe mwagwiritsa ntchito, ndiye pochepetsa ndi pamenepo.

Fungo la mazira ndi mpweya wa hydrogen sulphide. M'madzi ena muli tizilombo tomwe timadya mchere wa sulphate, ndipo anode ya magnesium imatipatsa chomwe tikufuna. Madzi akakhala osayenda, ofunda chabe ngati anuwo, timasangalala. Tsukani thanki, kwezani kutentha, ndipo likabwereranso sinthani anode muike ya aluminiyamu yosakaniza ndi zinc. Wina akakuuzani kuti ingochotsani anode fungo lithe, fungo lithadi, koma thanki itsatira. Komanso mukabwera kuulendo wa sabata ziwiri kapena kuposerapo, yambani mwatsegula mpopi wa madzi otentha kwa mphindi zingapo musanayatse makina ochapira, ndipo pasakhale moto kapena ndudu pafupi. M'thanki yongokhala mumatha kuunjikana mpweya wa hydrogen, womwe umayaka.

MayiWaAtatu anayankha:

Ndabweranso, pepani ndinakhala chete sabata yathunthu. Ndikuuzeni momwe zayendera.

Kachitsekero ndinakachotsa usiku womwe uja, nditanyamula tochi. Munatuluka madzi ofiirira okwana kapu imodzi, kenako zii. M'mawa ndinakwera m'siling'i kukatsata paipiyo ndi dzanja, ndipo madala munalota: mapaipi awiri aja anakumana pamalo amodzi n'kutuluka ngati imodzi. Ndinakhala pathabwa kaye kwa kanthawi, miyendo itafooka. Bedi la mwana lili mamita awiri kuchokera pamenepo. Ndinakumbukiranso kuti chaka chino tasintha kawiri kapaipi kofewa ka pansi pa sinki kataphulika, ife n'kumanena kuti zinthu za masiku ano n'zosalimba.

Madzi ndinayeza monga ananenera a WaMagetsi. Thermostat inaloza pa 60, koma pampopi wa kubafa, womwe uli pansi penipeni pa giza, ndinapeza 48. Ndinadikira, ndinayezanso tsiku lotsatira, 48 yemweyo. Ndiye ndinagula thermostat, labala, anode ndi elementi yomwe, poganiza kuti ndikatsegula kamodzi ndisadzakwerenso mwezi wamawa. Ndinajambula kachikwangwani ka pa giza n'kupita nako pogula, ndipo zinandithandiza, chifukwa ma thermostat ake ndi osiyana kutalika.

Loweruka tinayamba 7 koloko. Mchimwene wanga amene amadziwa za magetsi anabwera ndi multimeter yake, anayeza, anamasula mawaya, n'kukakhala pansi kumwa tiyi. Zotsalazo ndinachita ndekha, abambo akundigwirira makwerero ndi kulandira ndowa.

Kukhuthula kunandivuta. Madzi anatuluka bwino mphindi zisanu, kenako anangoti phwii n'kuleka. Ndinaganiza kuti atha, koma nditagogoda thanki inamveka yodzadza. Kampopi kanali katatsekeka ndi makoko. Ndinachotsa hosipaipi, ndinatokosa ndi waya, ndipo anandithira m'manja mpaka m'chigongono. Apa ndi pomwe ndinathokoza kuti munandiuza zoyamba ndaziziritsa. Ndinatokosa katatu konse thanki isanaphwe, ndipo zinatenga ola ndi theka.

Chimbale chija chinali ndi mabawuti asanu ndi limodzi. Nditachikoka, elementi inatuluka yosaoneka n'komwe kuti ndi chitsulo: yoyera, yonenepa kawiri, miyendo yake iwiri itamatirirana kukhala chinthu chimodzi. Kapaipi komwe thermostat imalowamo nakonso kanali kokutidwa. Ndinalowetsa mkono mpaka paphewa. Pansi pake panali ngati mchenga wonyowa wosakanikirana ndi mbale zosweka, wozizira, wokanda zala. Ndinkakokolola ndi kambale kapulasitiki, kenako ndi manja. Ndowa ya malita khumi inadzadza kupitirira theka. Mwana wanga anaima pansi kuyang'ana m'ndowamo, ndinamuuza kuti makoswe ake ndi amenewa. Anatenga khoko limodzi lalikulu kukaonetsa anzake.

Anode ndiye inandiliza. Inakana kumasuka mpaka ndinalowetsa paipi yachitsulo pa chogwirira cha sipanala kuti chitalike, abambo atakwera kudzagwira thanki kuti isagwedezeke. Itatuluka ndinaseka. Kawaya kokhakokha, konga sipoko ya njinga, kumutu kokha kutatsala kachibulumwa konga chala chachikulu. Ndinaiika pambali pa yatsopano n'kujambula, munthu sangakhulupirire kuti zinali zofanana. Ndinaunika m'kati ndi tochi: galasi lija likadali lonyezimira, labuluu, kupatula timadontho tiwiri tadzimbiri pafupi ndi powotcherera, tating'ono ngati njere.

Pobwezera ndinamanga mabawuti modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake, monga timachitira ndi tayala la galimoto. Ndinadzadza mpopi uli chitsegulire. Unatsokomola nthawi yaitali, n'kulavula madzi amatope, kenako unayera. Ndinayala nyuzipepala youma pansi pa chimbale n'kudikira ola lathunthu. Sinanyowe. Mchimwene analumikiza mawaya, tinayatsa.

Pano masiku anayi, phokoso kulibe, kumangomveka kusiii kwapansipansi ukatchera khutu. Pampopi ndikupeza 58. Dzulo tinasamba tonse asanu. Kapaipi kakunja kayambanso kudontha giza ikamayaka, ndipo ndaikapo chidebe, madziwo ndikuthirira maluwa. Abambo sananene kanthu za kugula ina, angoti ndilembe tsiku pa thanki, ndipo ndalemba ndi cholembera chosafufutika.

Chatsala chimodzi. Valavu ya pathanki ija ndinayesa kukweza kachogwirira kake kuti ndione ngati ikugwira ntchito. Kanali kolimba, ndinachita kukakamiza. Madzi anatuluka, koma kuyambira pamenepo ikungodontha pang'onopang'ono osaleka, ngakhale giza itathima. Ndinazindikira chifukwa ndinamasula polumikizira paja kuti ndione kuti akuchokera ku valavu iti. Kodi ndaiwononga?

PulambalaWopuma anayankha:

Simunaiwononge mayi, mwangoipeza kuti inali itatha kale. Valavu yomwe yakhala zaka 7 osagwedezeka imamera laimu pokhalira pake, ndipo ikatseguka kamodzi sikhalanso bwino. Yesani kukweza ndi kusiya kachogwirirako kawiri katatu mofulumira, nthawi zina kanyenyeswa kamachoka. Ikapitiriza, sinthani. Ndipotu ine ndikanasintha ngakhale italeka, poti mwati inali yolimba.

Pogula, werengani nambala ya mphamvu yolembedwa pa yakaleyo ndi pa kachikwangwani ka giza, mugule yofanana ndendende, osati yokwererapo. Kandodo kake kakhalenso kotalika chimodzimodzi. Simufunika kukhuthula thanki yonse, ingotsitsani madzi afike pansi pa pomwe valavuyo yalowera, magetsi ali othima monga kale. Pa mazinga kulungani tepi yoyera ya mapaipi.

Tsiku lomwelo muitane pulambala adzalekanitse mapaipi awiriwo. Ya valavu ya pathanki ikhale yachitsulo kapena yamkuwa, yosacheperako kukula, yotsetsereka njira yonse, yopanda valavu ina iliyonse panjira, ndipo ikathere poonekera koma pomwe mwana sangaikepo dzanja. Ikadzayamba kutulutsa madzi otentha ambiri, muzidzaona tsiku lomwelo n'kuthimitsa breaker.

Timadontho tiwiri tadzimbirito musade nato nkhawa, anode yatsopano itigwira. Koma ndi laimu wochuluka chotere, musadikire zaka zitatu. Pakatha chaka khuthulaninso, mumasule anode muione. Ikakhala kuti yadyeka kupitirira theka, muzisintha chaka ndi chaka. Ikakhala yonenepabe, mwadziwa kuti mungamadumphe chaka chimodzi. Kachogwirira ka valavu yatsopanoyo muzikakweza miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kuti kasadzaumenso.

MayiWaAtatu anayankha:

Ndayesa kukweza katatu, ikudonthabe. Pa valavu ndi pa kachikwangwani palembedwa nambala imodzimodzi, ndajambula zonse ziwiri. Ndigula mawa, pulambala wati abwera Lachisanu. Kachitsekero kaja abambo amafuna akasunge m'bokosi la zipangizo, ine ndakataya.